Pikapu yaikulu ya petulo kapena ya hybrid: yankho kwa m'bale wathu wa ku Dallas

Funso: Ndimakhala ku Dallas, m'chigawo cha Texas, ndipo ndimagwira ntchito yokonza nyumba za anthu, monga kukhoma matabwa, kuika matailosi ndi kupaka penti. Ndikufuna kugula pikapu yaikulu, F-150 kapena Tundra. Pa chaka ndimayenda mamailosi pafupifupi 15,000, ambiri mwa iwo m'tauni. Kawiri pa sabata ndimakoka ngolo ya zida yolemera mapaundi 4,000, ndipo tikulingalira zodzagula kalavani ya mapaundi 7,000 yoti tiziyendera ndi ana athu atatu. Mayi akunyumba akuti tigule hybrid kuti mafuta asamatithere ndalama. Mnzanga wa kuntchito akuti hybrid ndi mavuto okhaokha, nditenge V8 basi. Galimotoyi ndikufuna kukhala nayo zaka 10, mwina kenako n'kudzaitumiza kumudzi. Ndimvere ndani?

Yankho: Achimwene, alamu anga ndi mnzanuyo akukangana za galimoto ziwiri zomwe palibe ndi imodzi yomwe imene inu mukufuna kugula. Alamu akamva mawu oti hybrid akuona Prius, kagalimoto koyenda mamailosi oposa 50 pa galoni imodzi. Mnzanuyo akuona chibatire chachikulu chomwe chikafa ndiye kuti galimoto yonse yafa. Pikapu zazikulu za hybrid sizili choncho. Malinga ndi mmene mwafotokozera ntchito yanu, ine ndikanakhala inu ndikanatenga F-150 ya hybrid, ija amaitcha PowerBoost, koma osati kwenikweni chifukwa cha mafuta, ndiponso pali nambala imodzi pachitseko cha dalaivala yomwe ikhoza kundisinthitsa maganizo pomwepo. Tiyeni tiyende pang'onopang'ono.

Mu Prius, injini ndi yaing'ono ndipo anaipanga dala kuti izimwa mafuta modzimana, pomwe mamota awiri amagetsi amagwira ntchito yaikulu. Mu pikapu anachita zina. Anatenga injini yomweyo ya V6 yokhala ndi maturbo awiri, giyabokosi yomweyo ya magiya 10, n'kulowetsa mota imodzi yamagetsi pakati pa ziwirizi. Ya Ford, yomwe inatuluka ndi F-150 ya 2021, ili ndi mota ya 35 kW, kapena kuti 47 hp, ndi batire ya lithium ya 1.5 kWh. Ya Toyota, yotchedwa i-FORCE MAX, inabwera ndi Tundra ya 2022, ndipo ili ndi mota ya 48 hp ndi batire ya nickel ya 1.87 kWh. Zonse ziwiri sizilumikizidwa kukhoma, zimadzitchaja zokha poyenda.

Kuti muone kuchepa kwa mabatirewa, bungwe la boma la EPA limawerengera kuti galoni imodzi ya petulo ili ndi mphamvu yofanana ndi 33.7 kWh. Ndiye batire ya PowerBoost itadzaza thoo, mphamvu ili m'menemo ndi yofanana ndi petulo wongopitirira pang'ono theka la botolo la Fanta. N'zoona kuti magetsi amayendetsa matayala mosataya mphamvu yambiri ngati petulo, komabe ndi kachikombe chabe. Yerekezani ndi F-150 Lightning yoyendera magetsi okhaokha, yomwe batire yake yaikulu ndi ya 131 kWh.

Nanga kachikombeka kamathandiza bwanji? Kamathandiza chifukwa kamadzazidwa n'kukhuthulidwa kambirimbiri pa tsiku. Galimoto yolemera matani awiri ndi theka ikamaima pa maloboti, mphamvu yonse yomwe munagula ku filing'i sitesheni kuti ifike pa liwiro limenelo imasanduka kutentha pa mabuleki n'kupita ndi mphepo. Mu hybrid, mukangochotsa phazi pa mafuta kapena kuponda buleki mwaulemu, mota ija imasanduka jenereta, imagwira galimoto n'kutola gawo la mphamvuyo kuika mu batire. Loboti ikalola, mota yomweyo imakankha galimoto poyambira, pamene injini ya petulo imamwa kwambiri. Mukaima, injini imazima, koma mu PowerBoost mpweya wozizira umapitirira chifukwa kompuresa yake imayendera magetsi. Inu amene mumadziwa dzuwa la mu August ku Texas mukumvetsa kufunika kwake. Phindu lonse la hybrid lagona pa kuima n'kunyamuka. Mdipiti wa pa I-635 nthawi ya 5 koloko madzulo, umene umakupweteketsani mutu, ndiwo chakudya chake.

Mumsewu waukulu nkhani imasintha. Mukamathamanga mamailosi 75 pa ola kulunjika ku Houston osaponda buleki, palibe chotola. Batire imangokhala mlendo wonyamulidwa, ndipo mdani wanu ndi mphepo, yomwe kukankha kwake kumakula kanayi liwiro likawirikiza kawiri. Mukamanga kalavani kumbuyo, ndiye kuti mukukoka chipupa cha nyumba. Maturbo amagwira ntchito osapuma, ndipo turbo ikamapopera mpweya wambiri mu injini, petulo nayenso amalowa wambiri. Walira mvula walira matope. Eni makalavani otere amene ndimawakonzera galimoto amandiuza mamailosi apakati pa 8 ndi 11 pa galoni, kaya ali ndi hybrid, kaya V6 wamba, kaya V8. Munthu wogula hybrid n'cholinga choti apulumutse mafuta pokoka katundu amadzakhumudwa pa ulendo woyamba.

Tsopano manambala. Nditenga F-150 ya 2021 ya 4x4, chifukwa ndi zomwe zadzaza pamsika wa galimoto zogwiritsidwa kale ntchito. Pophatikiza m'tauni ndi msewu waukulu, EPA inapatsa PowerBoost mamailosi 24 pa galoni. EcoBoost ya malita 3.5, injini ya petulo ya maturbo yopanda magetsi, inapeza 20, EcoBoost yaing'ono ya 2.7 inapeza 21, ndipo V8 ya 5.0 inapeza 19. M'zaka zotsatira nambala ya PowerBoost inatsika kufika 23. Kwa amene timaganizabe m'malita, 24 ndi makilomita 10.2 pa lita ndipo 20 ndi makilomita 8.5. Koma yang'anani mkati mwa manambalawo. M'tauni PowerBoost inali ndi 24 pomwe 3.5 inali ndi 18, kusiyana kwa 6. Mumsewu waukulu inali 24 kwa 23. Zomwe ndafotokoza pamwambazi ndi zimenezi.

Pa mamailosi anu 15,000, galimoto ya 20 idzamwa magaloni 750 ndipo ya 24 idzamwa 625. Kusiyana ndi magaloni 125. Tiyerekeze kuti galoni ikugulidwa $3, ndiye kuti mwasunga $375 pa chaka. Poti inu mumayenda kwambiri m'tauni, mwina mungapitirire pang'ono pamenepo, koma masiku awiri okoka ngolo aja adzabwezako ina. Mu 2021 PowerBoost inkakwera mtengo ndi $1,900 kuposa 3.5 wamba, ndiye pafunika zaka zisanu kuti ndalamayo ibwerere. Potulutsa F-150 ya 2024, Ford inalengeza kuti yafananiza mitengo ya injini ziwirizi, ndipo pamenepo masamu anakhala ophweka. Komabe mitengo imasintha chaka ndi chaka, choncho pemphani wogulitsa akulembereni mitengo ya galimoto ziwiri zofanana china chilichonse kupatula injini, muchotsere nokha. Ndipo poyerekeza musaiwale 2.7 ija. Ndi yotsika mtengo, ili ndi 325 hp, ngolo ya mapaundi 4,000 imaikoka osamva kanthu, ndipo imasiyana ndi hybrid ndi magaloni 89 okha pa chaka. Anthu amainyoza chifukwa cha kuchepa kwa nambala yake, koma munthu wongofuna kusunga ndalama n'kumagwira ntchito, injini yake ndi imeneyi.

Ku Toyota masamu a mafuta ndi ouma kwambiri. Tundra ya 4x4 ya petulo ili ndi mamailosi 19 pa galoni, ya hybrid ili ndi 20. Pa chaka ndi magaloni osakwana 40, ndalama yongopitirira $100. Komanso hybrid simungaipeze pa Tundra zotsika mtengo. Imayambira pa Limited kukwera m'mwamba, ndipo TRD Pro ndi Capstone zimabwera ndi hybrid yokha. Toyota sinabise cholinga chake. Inasiya V8 ya 5.7 mu Tundra ya 2022, ndipo inkafuna chinthu chamkokomo choti chilowe m'malo mwake. Injini wamba imapereka 389 hp ndi torque ya 479 lb-ft, pomwe i-FORCE MAX imapereka 437 hp ndi 583 lb-ft. Torque ndi mphamvu yopotokola ija imene mumaimva kumsana galimoto ikamanyamuka ndi katundu. Mota yamagetsi imaipereka nthawi yomweyo, turbo isanadzuke, ndipo ponyamuka pachitunda ndi ngolo kumbuyo zimakoma ndithu. Ku Ford n'chimodzimodzi, pa F-150 ya 2021, 3.5 wamba inali ndi 400 hp ndi 500 lb-ft, PowerBoost inali ndi 430 hp ndi 570 lb-ft. Muuzeni mnzanu uja kuti V8 ya 5.0 ili ndi 400 hp ndi 410 lb-ft. Imalira bwino, sindikana, koma pa mphamvu yonyamukira hybrid imaisiya.

Ram ndi Chevrolet sizitichedwetsa. Chomwe Ram imachitcha eTorque, kuyambira pa Ram 1500 ya 2019, ndi kamota ka 48 volts kolumikizidwa ndi lamba, kokhala ndi batire yosakwana theka la kWh. Kamathandiza kuti injini izizima n'kulira mosagwedeza, koma sikangayendetse galimoto pakokha. Wogulitsa akakuuzani kuti imeneyo ndi hybrid, mugwedezereni mutu n'kupitirira. Silverado ndi Sierra zinali ndi hybrid kuyambira 2009 mpaka 2013 ndipo sinayende malonda. Chomwe GM, kampani yopanga ziwirizi, ili nacho chosamwa mafuta ndi dizilo ya Duramax ya 3.0, yomwe pa maulendo ataliatali imaposa hybrid zonsezi. Koma dizilo zamakono zili ndi fyuluta ya mwaye yomwe imafuna kutenthedwa ndi ulendo wautali kuti iyere, ndipo zimafuna madzi apadera oyeretsa utsi otchedwa DEF. Kwa munthu wa maulendo afupiafupi a m'tauni ngati inu, sindingaivomereze.

Chimene chikundikokera ku PowerBoost pa nkhani yanu ndi masoketi a kumbuyo. Ford imawatcha Pro Power Onboard. PowerBoost iliyonse imabwera ndi 2.4 kW, ndipo mukhoza kusankha 7.2 kW, yomwe ili ndi masoketi anayi a 120V ndi imodzi ya 240V ya 30 amps. F-150 za petulo zimalekeza pa 2.0 kW, ndipo Tundra, ngakhale ya hybrid, soketi yake ndi ya 400 W, yokwanira kutchaja batire ya dirilo basi. Inu mumalowa m'nyumba zomwe magetsi ake adulidwa chifukwa makoma ali pamtunda. Ndi 7.2 kW mukhoza kuyendetsa sowo ya patebulo, kompuresa, makina odulira matailosi ndi nyali nthawi imodzi. Palibenso zokweza jenereta m'mawa n'kuitsitsa madzulo, palibe zigubu za petulo, palibe zoimanga tcheni poopa akuba. Batire ndiyo imapereka magetsiwo, ndipo injini imangolira kanthawi kuti iidzaze, kenako n'kuzima. Anthu oyandikana ndi kasitomala wanu sadzakudandaulani za phokoso. Ford imati tanki yodzaza ya magaloni 30.6 imatha maola 32 mukukoka 7.2 kW yonse, kapena maola 85 pa 2.4 kW. Jenereta yabwino ya mphamvu zotere, yopereka magetsi oyera osapsereza zida, ndi ndalama yoposa imene mudzasunge pa mafuta kwa zaka zingapo.

Ngati munali kale ku Texas mu February 2021 mukukumbukira chisanu chija, pamene nyumba mamiliyoni zinakhala masiku mumdima ndipo mapaipi anaphulika. PowerBoost inali itangotuluka kumene, ndipo ena amene anali nazo anayendetsera mafiriji ndi mahita, mpaka Ford inapempha ogulitsa ake m'chigawomo kuti abwereke anthu galimoto zomwe zinali pabwalo. Ife okulira ku Malawi kuzima kwa magetsi sitichita kuuzidwa, koma kwathu kulibe chisanu chopha munthu m'nyumba. Chenjezo langa ndi lakuti musadzayese kulowetsa waya wochokera m'galimoto mu soketi ya m'nyumba. Magetsiwo amabwerera kupolo n'kupha munthu amene akukonza mawaya. Itanani wa zamagetsi wovomerezeka aike transfer switch, chipangizo cholekanitsa nyumba ndi magetsi a kupolo, yogwirizana ndi galimotoyo, chifukwa si iliyonse imene imagwira nayo. Ndipo galimoto izikhala panja, osati m'galaja, popeza injini imadzilira yokha ndipo utsi wake umapha mwakachetechete.

Tifike pa nambala ya pachitseko ija. Mukatsegula chitseko cha dalaivala, pamzati pali sitika yachikasu yonena za matayala ndi katundu. Yalemba kulemera konse kwa anthu ndi katundu komwe galimoto imeneyo, osati ina yofanana nayo, ingasenze. Nambala zazikulu za m'zotsatsa malonda, monga kukoka mapaundi 14,000 kwa 3.5 ya 2021 kapena 12,700 kwa PowerBoost ya chaka chomwecho, ndi za galimoto yosankhidwa mwapadera, yopanda zokometsera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pafupifupi aliyense wokoka kalavani ndi pikapu za mtunduwu amathedwa ndi malire a kusenza asanayandikire n'komwe malire a kukoka.

Tiwerengere limodzi. Ngolo imatsamira pa galimoto ndi gawo la pakati pa 10 ndi 15 pa 100 alionse a kulemera kwake, ndipo makalavani amakonda kukhala cha ku 12 kapena 13. Pa mapaundi 7,000, tinene kuti 900. Chitsulo chomangira, cha mtundu wogawa kulemera, chimadya pafupifupi 100. Inu, alamu ndi ana atatu, tinene kuti 600, ndipo anawo akukula. Bokosi la zida lomwe simulitsitsa, njinga za ana, nkhuni ndi kabokosi kozizitsira zakumwa, 250. Tafika kale pa 1,850. Funsaninso ngati 7,000 ija ndi kalavani yopanda kanthu kapena yodzaza, chifukwa ogulitsa amakonda kutchula yopanda kanthu, ndipo madzi okha galoni iliyonse ndi mapaundi opitirira 8.

Hybrid imalemera kuposa inzake ndi mapaundi mazana angapo chifukwa cha batire, mota ndi zozizitsira zake, ndipo kulemerako kumadyako pa malire aja. Onjezani denga lagalasi, mipando yachikopa yosisita msana ndi masitepe amagetsi. Ndatsegulapo zitseko za hybrid zapamwamba n'kupeza nambala yosafika 1,400. Galimoto yotero ili ndi mphamvu yokoka kalavani yanu kukwera nayo mapiri a ku Colorado ikuimba nyimbo, koma masipuling'i, matayala ndi ekiselo yakumbuyo zapyola malire ake banja lisanamalize kukwera. Ikachitika ngozi, a inshuwalansi ndi maloya amawerenga sitika yomweyo. Ndiye ngati kalavani ndi yotsimikizika, funafunani PowerBoost ya XLT yopanda zokometsera zambiri, ndipo werengani chitseko chake. Ikakhala kutali ndi 1,850, muli ndi njira zitatu. Kugula kalavani yocheperako, kutenga 3.5 kapena 5.0 wamba yomwe nambala yake ndi yokulirapo, kapena kuvomereza kuti banja la anthu asanu ndi kalavani yaikulu ndi ntchito ya F-250. Musanagule kalavani, pitani ndi galimoto, banja lonse lili momwemo, pa sikelo ya CAT yomwe imapezeka m'malo omwetsera mathiraki. Ndi ndalama yochepa ndipo imathetsa mkangano.

Poti muli ndi ana atatu, kumbukirani kuti mu Tundra ya hybrid batire ili pansi pa mpando wakumbuyo, ndiye malo osungira zinthu a pansi pampandowo mulibe. Mu F-150 batire ili kunsi kwa galimoto ndipo m'kati simusintha. Zonse ziwiri zimapezeka pa thupi la zitseko zinayi zazikulu lokha, SuperCrew ku Ford ndi CrewMax ku Toyota, lomwe ndi limene mukufuna kale.

Mnzanu uja tisamutaye, ali ndi mfundo. Chilichonse chowonjezera pa galimoto ndi chinthu china choti chidzawonongeke. V8 ya 5.0 ilibe turbo, ilibe inverter, ilibe klatchi yolekanitsa injini ndi mota, ilibe mawaya a orenji omwe makaniko wosaphunzira sayenera kuwakhudza. Galaja iliyonse kuyambira ku El Paso mpaka ku Texarkana imaidziwa. Ndipo PowerBoost zoyambirira sizinayambe bwino. Mu 2022 Consumer Reports, bungwe loyesa katundu m'malo mwa ogula, linaika F-150 ya hybrid pamndandanda wa galimoto zomwe eni ake anadandaula nazo kwambiri. Ngati mukugula yakale, zimenezi muzizidziwa, ndipo ine ndikanakonda ya zaka zaposachedwa kuposa ya 2021.

Koma lamulo loti petulo wamba ndiye wodalirika silinagwire ntchito ku Toyota. Mu 2024 kampaniyi inaitanitsa galimoto pafupifupi 102,000, Tundra ndi Lexus LX za 2022 ndi 2023, chifukwa tizitsulo totsalira popanga injini tinkawononga mabering'i, ndipo inavomera kusintha injini zathunthu. Zomwe zinaitanidwa nthawi imeneyo zinali za petulo wamba. Musafulumire kusangalala ndi hybrid, chifukwa injini yake ndi ya mtundu womwewo, ndipo chomwe Toyota inanena n'chakuti hybrid ikhoza kudzikokera pambali pa msewu ndi mota yamagetsi injini ikafa. Phunziro kwa wogula ndi lakuti pa galimoto zamakonozi, zimene zimadula ndalama zambiri kawirikawiri ndi injini ya turbo, giyabokosi ndi makompyuta, ndipo zimenezi zili m'mitundu yonse iwiri. Galimoto iliyonse yakale imene mwaikonda, lembani nambala yake ya chasisi (VIN) pa tsamba la NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu, muone ngati ili ndi zoitanidwira zomwe sizinakonzedwe, ndipo lipirani makaniko wapadera aiunike ndi kompyuta musanasaine.

Za batire, tiyeni tione waranti. Ford imateteza zida za hybrid kwa zaka 8 kapena mamailosi 100,000, chomwe chayamba kukwana. Toyota imateteza batire kwa zaka 10 kapena mamailosi 150,000. Pa mayendedwe anu, 100,000 mudzaikwanitsa chaka cha 7 chisanathe, ndiye ndi Ford mudzakhala zaka zitatu zomaliza muli pamtetete, pomwe ya Toyota ikukwana ndendende zaka zanu 10. Apa Toyota yapambana, ndipo yakhala ikupanga hybrid kuyambira pa Prius ya 1997. Batire ikadzafa waranti itatha ndi nkhani ya madola masauzande angapo, osati mtengo wa galimoto, poti taona kale kuchepa kwake. Ine ndimauza anthu kuti $375 ya mafuta ija asaidye, aziiponya pambali chaka chilichonse. Ikafika nthawiyo ndalama ilipo, ikapanda kufunika ndi ya matayala. Mabuleki a hybrid amakhalitsa chifukwa mota imawathandiza. Oyilo ndi nkhani ina. Mukamagwiritsa ntchito galimoto ngati jenereta, injini imalira mamailosi osawonjezeka, choncho muzitsatira maola a injini ndi chizindikiro cha oyilo, osati mamailosi okha. Pogula yakale, maola amenewa amaoneka pa dashibodi, ndipo amaulula galimoto yomwe yakhala ikulira tsiku lonse pamalo omanga nyumba.

Musanapite kwa wogulitsa, tengani kope kwa masabata awiri. Lembani mamailosi a m'tauni, a mumsewu waukulu, okoka ngolo, ndi maola amene mwaliza jenereta kapena mwakhala m'galimoto injini ikulira mukudya nkhomaliro. Anthu ambiri amagula galimoto ya ulendo wa kawiri pa chaka n'kumavutika nayo masiku ena onse. Kopelo likaonetsa zomwe mwandiuzazi, PowerBoost ya XLT yokhala ndi 7.2 kW ndi yanu, ndipo alamu apambana ngakhale pa chifukwa china. Likaonetsa kuti jenereta simuiliza kawirikawiri, tengani 2.7 kapena 3.5 wamba, ndalama yotsalayo mugulire matayala abwino ndi chowongolera mabuleki a ngolo. Ngati mtima uli pa Tundra, ya petulo wamba ya SR5 ikugwirirani ntchito yonse, ndipo hybrid yake muigule pokhapokha ngati mwaiyendetsa n'kukonda kanyamukidwe kake, podziwa kuti ndalamayo siidzabwerera kudzera ku mafuta.

Zotumiza kumudzi, achimwene, ndikanakonda mutaziiwala, kaya mutenga injini iti. Galimotozi zimatuluka m'fakitale chiwongolero chili kumanzere, ndipo kwathu timayenda kumanzere kwa msewu. Ganizani mukufuna kupitirira thiraki pa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, m'galimoto yotambalala mamita awiri, inu muli mbali ya kuthengo ndipo amene akuona kutsogolo ndi wokwera nanu. Ku Australia, komwe amayenda ngati ife, F-150 ndi Tundra amachita kuziphwasula m'mafakitale apadera n'kusamutsa chiwongolero, ndipo mtengo wake umakwera kwambiri. Masoketi aja nawonso ndi a magetsi a 60 Hz pa 120V ndi 240V, pomwe kwathu ndi 230V pa 50 Hz, ndiye ubwino waukulu wa PowerBoost umafika ku Lilongwe utapunduka. Sensa imodzi ikafa, galimoto idzakhala pamiyala kudikira kaphukusi kochokera ku America, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Pikapu za zaka 10 zosamalidwa bwino zimagulidwa msanga ku Texas. Mudzaigulitse konko, ndalamayo mudzagulire Hilux kapena Ranger ya dizilo, yomwe masipeyala ake mudzawapeza ku Limbe tsiku lomwelo.